Besi ikamang'ung'udza, kuthetheka kapena kuzima pa siteji: kupeza pamene pavuta

Ku pulakatisi zonse zimakhala bwino. Koma mukafika pa ukwati, ku tchalitchi kapena pa shoo ya panja, ampu imayamba kulira kuti mmmm musanagwire n'komwe nsambo, kapena imathetheka mukangosuntha phazi, kapenanso mawu amazima nyimbo ili pakati n'kubwera okha patapita mphindi ziwiri. Ambiri amafulumira kunena kuti ampu yafa. Nthawi zambiri ampu imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pa chingwe, pa jack (bowo lolowetsamo chingwe), pa batire kapena pa magetsi a pamalopo, ndipo munthu amalipeza msanga akamachotsa zinthu chimodzichimodzi m'malo mogwira paliponse nthawi imodzi.

Yambani ndi kumvetsera

Phokoso lililonse lili ndi mwini wake. Magetsi a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa ndi a 50 Hz, ndipo noti ya G ya pa fret yachitatu ya nsambo ya E ndi 49 Hz. Choncho imbani G ameneyo n'kuyerekeza ndi phokosolo. Zikakhala pafupifupi zofanana, dziwani kuti mukumva magetsi a m'khoma akulowa m'mawu anu. Phokoso likafanana ndi nsambo ya G yosagwira, yomwe ndi 98 Hz, ndiye kuti ndi la 100 Hz, ndipo limeneli limakonda kuchokera m'kati mwa ampu kapena mu adapta ya mapedulo, tizida topondedwa ndi phazi tosinthira mawu. Phokoso lakuthwa ngati la njuchi, la zzzz, limachokera ku mababu, ma dimmer, machaja a foni ndi a laputopu. Kuthetheka kumene kumabwera mukagwedeza chinthu kumasonyeza kuti penapake zitsulo sizikugwirana bwino.

Tsopano tsitsani master, yomwe ndi volume yaikulu ya ampu, zulani zonse zimene zalumikizidwa ku ampu kupatula chingwe cha magetsi ndi cha sipika: chingwe cha besi, XLR (chingwe cha pulagi ya mano atatu) yopita ku mikisa, ndi chilichonse cha pa effects loop (mabowo awiri a pa ampu olembedwa send ndi return). Kwezani master kufika pamene mumayimbira. Ngati kuli zii, ampu ndi yabwino. Bwezerani besi ndi chingwe chimodzi chokha, popanda mapedulo. Kenako mapedulo, imodziimodzi. XLR ibwere pomaliza. Chinthu chimene phokoso layambira mutachibwezera ndicho muyenera kuchifufuza. Ntchito yonseyi siposa mphindi zisanu, ndipo imapulumutsa ndalama zokalipira okonza pa chinthu chosawonongeka.

Chingwe ndi jack

Chingwe ndicho chimafa kuposa china chilichonse, chifukwa chimapondedwa, kukokedwa ndi kukulungidwa pa chigongono. Besi ili chilumikizire, tsitsani volume yake, ndiye pindani chingwe pang'onopang'ono kuyambira pa pulagi imodzi mpaka inayo. Pamene pakuthetheka ndi pomwe waya waduka m'kati. Kawirikawiri pamakhala pafupi ndi pulagi, kotero mutha kudula masentimita 10 n'kuwotchereranso. Ngati muli ndi multimeter, kachida koyezera magetsi, nsonga ndi nsonga za mapulagi awiriwo ziwerenge pafupi ndi 0 ohm, thupi ndi thupi chimodzimodzi, koma nsonga ndi thupi zisagwirane konse. Kwa besi yopanda batire, chingwe chisapitirire mamita 6, chifukwa chikatalika chimadya mawu akuthwa ndipo chimatola phokoso lochuluka.

Jack ya pa besi imamasuka nati yake, ndipo munthu akamaimanga ali kunja osagwira m'kati, jack yonse imazungulira n'kupotokola mawaya mpaka umodzi kuthothoka. Tsegulani, gwirani jack ndi chala kapena pulayala, kenako mangani nati. Ngati pulagi ikulowa mosagwira, kachitsulo kogwira nsonga katopa. Pa jack yotseguka mukhoza kukapindira m'kati pang'ono. Jack yaitali yotsekeka, imene imalowa m'mbali mwa thupi la mabesi ambiri amakono, sikonzeka, imangofunika kusintha. Ndipo chizolowezi chopisa chingwe pakati pa lamba ndi thupi la besi musanachilowetse chimateteza jack yanu tsiku limene wina wapunthwa pa chingwecho.

Fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha m'dzinja zimalowa m'ma volume ndi ma tone, n'kumathetheka mukamazunguza. Thirani contact cleaner pa kabowo ka pot, kachida kamene kali kuseri kwa volume kapena tone, zunguzani ka 20 uku ndi uku. Musathire mafuta wamba opopera pa maloko ndi maunyolo a njinga, chifukwa amasiya zomatamata zimene zimakoka fumbi lina.

Pali jack ina imene ambiri saiganizira. Pa maampu ambiri, mawu amadutsa pa tizitsulo ta m'kati mwa jack ya effects loop ngakhale simukuigwiritsa ntchito. Tizitsulo timeneti tikachita dzimbiri, mawu amatsika okha, amasasa, kapena amazima n'kubwera mukamenya nsambo mwamphamvu. Tengani chingwe chachifupi, lumikizani send ku return. Vuto likatha, mwalipeza. Chingwecho chikhoza kukhala pamenepo mpaka shoo ithe, ndipo mawa mutsuke jackyo.

Besi yeniyeniyo

Gwirani nsambo ndi dzanja. Ngati zzzz uja wachepa, waya wa ground wochokera pa bridge, chitsulo chogwira nsambo pa thupi la besi, uli bwino, koma m'kati mwa besi mulibe chotchinga chokwanira. Mankhwala ake ndi kumata tepi ya kopa m'mabowo a mapickup (tizida totola mawu a nsambo) ndi a ma volume, zidutswa zonse zigwirane, n'kulumikiza tepiyo ku ground. Ngati kugwira nsambo sikukusintha kanthu koma kugwira chitsulo cha pulagi kukuchepetsa phokoso, waya wa pansi pa bridge waduka kapena sukukhudzanso chitsulo. Phokoso likamakula mukagwira nsambo, nthawi zambiri ndiye kuti wina anasinthanitsa mawaya awiri a pa jack powotcherera.

Besi ya mtundu wa Jazz Bass ili ndi mapickup awiri a single coil amene amathetsana phokoso pokhapokha ma volume onse awiri akhale ofanana. Mukatsitsa imodzi, mmmm amabwera, ndipo palibe chawonongeka. Pamalo a phokoso kwezani onse awiri mpaka kumapeto. Precision Bass, kuyambira 1957, ili ndi pickup yogawika pawiri imene imathetsa phokosoli yokha. Njira ina yodziwira kuti mapickup ndiwo akutola phokoso ndi kuzungulira muli chiimire: likamakula ndi kuchepa malinga ndi kumene mwayang'ana, talikirani ampu mita imodzi kapena iwiri, ndipo foni ichoke m'thumba la kutsogolo.

Besi ya batire ili ndi vuto lakelake. Chingwe chikalowa mu jack, batire imayamba kugwira ntchito ngakhale volume ili pansi, kotero besi yosiyidwa chilumikizire kuyambira Lamlungu mpaka Lamlungu linalo imadya batire ngakhale palibe waigwira. Batire ikamatha mawu amasasa mukamenya mwamphamvu, makamaka pa nsambo zazikulu, kenako amachepa mpaka kuzima. Batire ya alkaline yatsopano imawerenga cha m'ma 9.5 V. Ikatsika kufika 7.5 V isintheni, musadikire kuti ikuchititseni manyazi pagulu. Mabesi ena amatenga mabatire awiri, 18 V, ndipo onse asinthidwe limodzi. Lembani tsiku pa kapepala n'kumata pa batirepo.

Mapedulo ambiri amafuna 9 V yokhala ndi negative pakati pa pulagi, monga a Boss. Adapta yotchipa ya pa msika imathanso kupereka 9 V koma yosasefedwa bwino, n'kulowetsa phokoso la 100 Hz. Pedulo ya digito ikagawana waya umodzi wa magetsi ndi anzake, imatha kuyambitsa kaphokoso koliza mluzu. Yesani pedulo iliyonse pa batire: phokoso likatha, vuto ndi adapta. Werenganinso ma mA olembedwa pansi pa pedulo iliyonse, muwaphatikize, ndipo adapta ikhale yoposa chiwerengerocho.

Phokoso lobwera mukalumikiza ku mikisa

Apa ndi pamene pamapwetekera anthu, choncho tikhalepo pang'ono. Ampu payokha ili chete, mikisa payokha ili chete, koma XLR ikangolowa, holo yonse mmmm. Chimene chachitika n'chakuti ampu yatenga magetsi pa soketi ya pa siteji, mikisa yatenga pa soketi ina kumbuyo kwa holo, ndipo ma earth awiriwo, mawaya otetezera a m'masoketiwo, sali ofanana ndendende. Chingwe cha XLR chawalumikiza, ndiye timagetsi tikuyenda m'chotchinga chake. Amisiri amati ground loop.

Choyamba dinani batani la ground lift pa DI ya ampu yanu, pamene pamatulukira XLR yopita ku mikisa. Batani limeneli limadula pin 1 ya XLR yokha, silikhudza earth ya magetsi, kotero n'losaopsa. Ngati ampu ilibe batanilo, ikani bokosi la DI la transformer pakati pa besi ndi ampu: besi ilowe mu input, thru ipite ku ampu, XLR ipite ku mikisa, lift ikhale yodina. Njira yabwino koposa ndi kutenga magetsi a zokuzira mawu zonse, mikisa, maampu, kiyibodi, pa gwero limodzi, ndipo mababu a pa siteji, mafiriji a zakumwa ndi maketulo a ophika akhale pa mzere wina. Chingwe cha mawu chisagone limodzi ndi cha magetsi mtunda wautali. Pamene zikumana zidutsane mopingasa.

Chimene simuyenera kuchita, ngakhale wina atakuuzani kuti amachita chaka ndi chaka, ndi kuthyola kapena kumasula earth pa pulagi ya ampu. Inde phokoso limatha. Koma nsambo za besi n'zolumikizidwa ku chitsulo cha ampu kudzera m'chingwe, ndipo tsiku limene waya wamoto udzakhudze chitsulocho, fyuzi sidzapsa chifukwa magetsi alibe kolowera. Adzadikira kuti mugwire maiki dzanja lina lili pa nsambo, n'kudutsa pachifuwa panu. Leslie Harvey, woyimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa ndi magetsi pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maiki. Ngati milomo ikumva nyesi pa maiki, ngakhale pang'ono, lekani kuyimba mpaka chifukwa chake chipezeke. Kuphimba maiki ndi sipanji kapena sokosi n'kubisa chenjezo basi.

Earth imasowanso popanda munthu kuichotsa dala. Zida zogulidwa ku Johannesburg zimabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, ndipo za ku Germany ndi mayiko oyandikana nalo zimabwera ndi ya mano awiri imene earth yake ili pa tizitsulo ta m'mbali. Pulagi ya mano awiriyo ikakakamizidwa kulowa m'soketi yathu ya mano atatu a makona, earth siigwira konse. Maadapta ambiri otchipa nawonso amakhala ndi bowo la earth lopanda waya kumbuyo. Ngati ampu ili ndi chingwe chozuka ngati cha kompyuta, gulani cha pulagi ya kuno. Ngati ndi chosazuka, dulani pulagi muike ya kuno: wa girini ndi yelo ku dzino lalitali la pamwamba, wa bulawuni ku mbali ya fyuzi, wa buluu ku dzino lotsalalo. Kenako, ampu ili yozula ku khoma, yezani kuchokera pa dzino la earth kufika pa chitsulo cha ampu. Iwerenge pansi pa 1 ohm. Yezaninso ma extension onse chimodzimodzi. Kachida koyezera soketi ka timagetsi titatu ndi RCD ya 30 mA yolowetsa pa soketi, imene imadula magetsi akayamba kutayika, n'zoyenera kukhala m'chikwama cha gulu lililonse loyendayenda.

Ampu yochokera ku America imakhala ya 120 V. Yang'anani kumbuyo musanailumikize. Ina ili ndi switch ya 115 ndi 230, ina imalandira zonse yokha, ina imafuna transformer. Kulakwitsa apa kumapsereza ampu pa sekondi imodzi.

Mawu akamazima nyimbo ikafika pokoma

Ampu imene imayimba bwino poyamba, n'kuzima gulu likakweza, n'kubweranso ikapuma, ikudziteteza. Zifukwa zake zikuluzikulu ndi ma ohm, kutentha ndi magetsi ochepa.

Werengani kumbuyo kwa ampu ma ohm otsikitsitsa amene imalola. Zambiri zimati 4 ohm. Makabineti (mabokosi a masipika) awiri a 8 ohm akalumikizidwa pamodzi amapanga 4 ohm, zomwe zili bwino. Ya 8 ndi ya 4 zimapanga 2.67 ohm, ndipo awiri a 4 amapanga 2 ohm. Mabowo awiri a sipika kumbuyo kwa ampu sakutanthauza kuti mungaikepo chilichonse, chifukwa m'kati ndi olumikizana. Komanso zolembedwa pa kabineti musazikhulupirire kwambiri ngati inadutsa m'manja mwa anthu ambiri kapena inakhomedwa ndi kalipentala, chifukwa masipika a m'kati anasinthidwapo. Yezani ndi multimeter kabineti ili yozula ku ampu: ya 8 ohm imawerenga pakati pa 5 ndi 7, ya 4 ohm cha m'ma 3. Ampu ya ma valve, monga Ampeg SVT yakale ija, ili ndi lamulo lina: isayatsidwe popanda sipika, apo ayi transformer yake imawonongeka.

Chingwe cha pakati pa ampu ndi kabineti chikhale cha sipika, cha mawaya awiri okhuthala a 1.5 mm² kapena kuposa. Cha gitala chimaoneka chofanana kunja koma waya wake wapakati ndi wochepa kwambiri, umatentha, ndipo ukasungunuka n'kugundana ampu imapsa. Ngati ampu ndi kabineti zonse zili ndi Speakon, pulagi yolowetsa n'kuzunguliza, gwiritsani ntchito imeneyo, ndipo muizungulize mpaka ilire kuti kwa. Yosafika pamenepo imaduladula mawu kabineti ikamanjenjemera.

Pa kutentha, onetsetsani kuti fani ikuzungulira ndipo mabowo a mpweya sanatsekeke ndi fumbi, jekete kapena nsalu zokongoletsera pa ukwati. Siyani mpata wa chikhato chimodzi kapena ziwiri kumbuyo. Mu Okutobala, ampu yakuda yosiyidwa padzuwa imakhala yatentha kale musanayimbe noti imodzi.

Magetsi ochepa amapezeka kwambiri pa jenereta ndi pa ma extension ataliatali. Waya wa kopa wa 1.5 mm² wotalika mamita 50 ukanyamula 10 A umataya pafupifupi 14 V. Wa 2.5 mm² umataya cha m'ma 9 V. Wa 0.75 mm², umene ndi wofala pa ma extension otchipa, umataya pafupifupi 30 V ndipo suyenera n'komwe kunyamula magetsi ochuluka chotere. Onjezani jenereta yolemedwa ndi mababu ndi firiji, ndiye besi ndi ng'oma zikagunda limodzi magetsi amagwa, ampu n'kuzima kapena kusasa. Mudzaona mababu akuphethira motsatira ng'oma yaikulu. Chepetsani katundu pa jenereta, fupikitsani waya, ndipo waya wa pa chikulungo utambasulidwe wonse chifukwa wokulunga umatentha. Jenereta iyambe yalira n'kukhazikika musanayatse chida chilichonse. Maampu ayatsidwe pomaliza ndipo azimitsidwe poyamba, ndipo mafuta akamatha, jenereta ikayamba kutsokomola, zimitsani maampu msanga.

Nthawi zina ampu ikungopemphedwa zimene singathe. Woyimba akamalephera kudzimva amakweza batani la bass, koma kukweza ndi 6 dB kumafuna mphamvu yochuluka kanayi pa mawu amenewo. Ampu ya 100 W singapirire zimenezo pafupi ndi ng'oma zamphamvu. Bwezerani EQ yonse (mabatani a bass, mid ndi treble) pakati, tsitsani bass pang'ono, kwezani ma mid pakati pa 400 ndi 800 Hz, ndipo mudzamveka bwino pa mphamvu yochepa. Ngati pali high pass filter, yodula mawu otsika kwambiri, ikani cha m'ma 40 Hz pa besi ya nsambo zinayi, popeza E ndi 41 Hz. Pa ya nsambo zisanu, imene B yake ndi 31 Hz, yambani pa 30 n'kumakweza mpaka sipika isiye kugwedezeka pachabe. Gain ikwezedwe mpaka kagetsi ka clip, kochenjeza kuti mawu apyola muyezo, kaziphethira pokhapokha mwamenya mwamphamvu kwambiri, kenako mubweze pang'ono, ndipo kukweza kwina konse kuchokere pa master. Besi ya batire ilowe pa input yolembedwa active kapena mudine pad, batani lochepetsa mawu olowa. Kukweza kabineti pa mpando kapena kuipendeketsa kuti iloze makutu kumathandiza kuposa kuwonjezera volume, chifukwa kabineti ya pansi imayimbira mawondo anu.

Sipika

Kusasa kumene kumabwera pa manoti ena okha kumakhala kwa kabineti. Uzani mnzanu ayimbe notiyo inu mukukanikiza ndi dzanja sefa ya kutsogolo, zogwirira ndi makona. Misewu yokumbika imamasula masikuluwu, ndipo kumanga kokha kumathetsa zambiri. Ngati sizinathe, zimitsani, tambasulani zala mozungulira pakati pa sipika n'kukankha pang'ono mofanana mbali zonse. Kukhuza ngati mchenga kumasonyeza kuti koyilo inapsa kapena inapotoka, ndipo sipikayo ikufunika kumangidwanso kapena kusintha.

Makabineti awiri akamamveka owonda kuposa imodzi, mawaya a imodzi ndi otembenuka, kotero ina ikukankha mpweya ina ikukoka. Zulani chingwe ku ampu, gunditsani batire ya 9 V kwa kanthawi kochepa, positive ku nsonga ya pulagi, negative ku thupi lake. Masipika onse atulukire kunja. Imene yalowa m'kati, sinthanitsani mawaya ake.

Zopita nazo kwa okonza

Ngati ampu ikulira mmmm mutazula zonse, master ili pansi, ndipo mwayesa pa soketi ya nyumba ina, vuto lili m'kati, kawirikawiri ma capacitor osefa magetsi atakalamba kapena powotcherera pothetheka chifukwa cha kugwedezeka pa ulendo. Phokoso lalikulu lobwera mutangoyatsa, sipika n'kutulukira kunja kapena kulowa m'kati osabwerera, likusonyeza kuti DC, magetsi oyenda mbali imodzi, ikupita ku sipika. Zimitsani pomwepo, chifukwa koyilo imapsa pa masekondi ochepa. Fyuzi ikapsa, ikani ina yofanana ndendende ndi zolembedwa pa ampu, kuphatikizapo chilembo T ngati chilipo. Ikapsanso, musaikenso yachitatu, ndipo musakulunge waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwake. Musatsegule ampu nokha ngati simunaphunzire ntchitoyi, popeza ma capacitor amasunga magetsi oti n'kupha munthu ngakhale pulagi ili kunja.

Popita kwa okonza tengani chingwe cha magetsi ndi cha sipika zimene mumagwiritsa ntchito, ndipo muwauze ma ohm a kabineti yanu, mphindi zimene ampu imayimba isanazime, ngati inali pa jenereta kapena pa magetsi a m'khoma, ndi zimene zinachitika mutalumikiza send ku return.